Makungwa a pa Thandala

Mkazi wanga amadwala m'mimba kuyambira kale. Kuchipatala amapita, koma chimene chinkamugonetsa tulo ndi makungwa a muwawani omwe apongozi anga, mayi ake, ankasenda kufupi ndi mtsinje wa Bua. Apongozi atamwalira, iye anayamba kusenda yekha. Mtengo womwewo, mphika womwewo, koma ululu sunkachoka.

Anafika poganiza kuti mayi ake anapita ndi mkwiyo. Awiriwa anakangana za munda, ndipo imfa inabwera asanagwirane chanza. Mankhwala atasiya kugwira, iye anati ndi chilango. Anayamba kuonda. Ine mawu otonthoza sindiwatha. Ndinkangomuyang'ana.

Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito yopima mankhwala a zitsamba mu labotale ku Lilongwe. Atabwera kudzationa, anapeza makungwa ali pa thandala loyanikapo nsomba pamodzi ndi usipa, dzuwa lili phwee.

"Amayi, agogo ankayanika pano?"

"Iwo ankabisa m'nyumba. Ankati mankhwala saona dzuwa. Zachikale zimenezo, ine ndimapemphera."

"Nanga muwawani mwausandutsa ndiwo?"

Mkazi wanga sanaseke.

Mwanayo anandituma kukasenda ena pa mtengo uja. Tinawagawa pawiri. Ena tinayanika pa thandala, ena m'nyumba pansi pa denga. Atauma ndinawatenga ndekha pa minibasi kupita nawo ku labotale kuja, m'matumba awiri osiyana.

Kumeneko anandiveka chovala choyera. Ndinkaoneka ngati wogulitsa nyama. Mwanayo anapera makungwa kukhala ufa, nauyeza pa sikelo yaing'ono yotsekera m'galasi, imene ngakhale mpweya wa m'kamwa umaisokoneza. Ufawo anaunyika mu sipiriti, anasefa, nathira madziwo m'timabotolo tochepa ngati chala. Ndinati andipatse ndilawe, poti ife mphamvu ya mankhwala timaidziwa ndi kuwawa.

"Ababa, lilime limanama. Onse awiri akuwawa. Dikirani makina."

Makinawo anayamwa madzi aja pang'onopang'ono. Pa kompyuta panayamba kutuluka mzere, kenaka timapiri. Anandiuza kuti phiri lililonse ndi chinthu chimodzi cha m'khungwamo, ndipo kutalika kwake ndiko kuchuluka kwake. Pa makungwa a m'nyumba, phiri lina linakwera ndithu. Pa a pa thandala, malo omwewo panali kachulu chabe.

"Ndiye kuti mayi ako achira?" ndinafunsa.

"Zimenezo makina sanena. Akungonena kuti dzuwa ladya china chake. Kuchipatala asasiye."

Ndinajambulitsa timapiri tija pa foni. Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akutembenuza usipa. Ndinamuonetsa.

"Ili la m'nyumba. Aka ka pa thandala. Mtengo umodzi. Ndinasenda ndine, osati mayi ako."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ngati mmene ana amachitira.

"Ndiye kuti si iwo?"

"Si iwo. Ndi dzuwa."

Anakhala pansi pamchenga nalira. Sindinamuletse. Usipa ndinamaliza kutembenuza ndine.

M'mimba mumamuvutabe masiku ena. Koma anayambanso kudya, ndipo kumanda kwa mayi ake, komwe ankakuzemba, anapita kukalambula. Makungwa tsopano amayanika pa lichero lomwe mayi ake ankayanikapo, kuseri kwa chitseko.