Makatani Aafupi a ku Maryhill

Makatani aja anali obiriwira ngati masamba a mpiru, ndipo ankalekezera pakati pa zenera. Mazenera a m'mafulati akale a ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, ndi aatali, munthu wamkulu atakweza mkono safika pamwamba pake. Ife tinkakhala pansi penipeni, ndiye aliyense wochokera kungalande ankatha kusuzumira pagalasi lotsalalo n'kuona miyendo ya tebulo lathu ndi nsapato zanga za kusukulu. Mayi anawasoka okha m'chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi. Anawasokera nyumba ina, imene sitinagonemo ngakhale tsiku limodzi.

Bambo anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Mayi anaperekeza thupi kumudzi, ndipo atabwerako anayamba kukamba zosamuka. Malume, mlongo wawo wamng'ono, ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'katauni kena ka kumpoto kwa England. Iwo ndi amene anati kumeneko ntchito ilipo, ndipo tinyumba take munthu ngati mayi angathe kugula.

Tinapitako Lachitatu lina kukaona nyumba ina yogulitsa, pabasi kenako pasitima. Linali tsiku la msika. Ndimakumbukira fungo la nkhosa m'malole, belu la tchalitchi likulira mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, ndi mmene anthu ankatiyang'anira mwaulemu kenako n'kuyang'ana kumbali. Nyumbayo inali kumapeto kwa kamsewu ka nyumba zogundana. Inali yaifupi, moti malume anachita kuwerama polowa. Kuseri kunali kadimba. Mayi anagwada, natapa dothi, nalifinya m'manja, n'kunena kuti maungu angachite bwino pamenepo. Chimwalirireni bambo ndinali ndisanawamve akukamba za chinthu cha m'tsogolo.

Mwini nyumbayo anali bambo wachizungu wokalamba. Anatipatsa tiyi, napatsa mayi moni wa m'manja pakhomo. Patapita masiku atatu, a kuofesi yogulitsa nyumba anaimba foni kunena kuti wavomera.

Apa ndi pamene panagona vuto, ndipo lero ndikhoza kulifotokoza m'mawu ochepa. Mayi ankadziwa za kuno ku Scotland kuchokera kwa anzawo a kutchalitchi: maloya akalemberana makalata n'kugwirizana, nkhani imamangika msanga. Ku England, kuvomera ndi mawu chabe. Mpaka tsiku losinthana mapepala osainidwa, aliyense angathe kubwerera m'mbuyo popanda womufunsa. Malume anayesa kuwachenjeza. "Achemwali, kuno pakamwa si kanthu, dikirani pepala." Mayi anangoti, "Munthu wa imvi zonse zija wandigwira dzanja. Andinamize kuti apeze chiyani?"

Ulendo wachiwiri anatenga tepi yoyezera ndi mbale ya mandasi. Ine ndinkagwira nsonga ya tepi, iwo n'kumalemba manambala kuseri kwa envulopu. Mazenera onse asanu. Titamaliza, anayamba kugogoda khomo ndi khomo mumsewuwo kuti adzionetse kwa aneba. Munthu salowa m'mudzi ngati wakuba, anatero. Mayi wina wa nyumba yoyandikana analandira mandasi ataima pakhomo, nathokoza kambirimbiri, koma chitseko anachigwirabe ndi dzanja linalo. Ine ndinkafuna nthaka itandimeza. Lero ndikaganiza, m'kamsewu konse kaja mayi okha ndi amene anachita zinthu mwa dongosolo lake. Kungoti dongosolo lakelo linali la kwina.

Kenako anauza aliyense. Anapita kusukulu kukauza aphunzitsi kuti mwanayu sabweranso chikatha chilimwe. Tsiku lotsekera, aphunzitsi anandiimika kutsogolo n'kundipatsa khadi lalikulu losainidwa ndi kalasi yonse. Ine ndinali nditanena kale zambiri, kuti kuli dimba lalikulu ngati bwalo la mpira, kuti tidzaweta galu. Kutchalitchi amayi a mvano anaimba nyimbo yotsanzikana, anawaveka mayi chitenje chatsopano, ndipo abusa anapempherera makiyi amene sitinawagwire. Chinthu chimodzi chokha chimene malume anakwanitsa kuletsa chinali kalata yotsanzika kwa eni fulati. Anachita kuwachonderera pafoni kuti asaitumize kaye.

Makatani akale a m'chipinda chochezera, abulawuni, amene bambo anapachika okha titangofika ku Glasgow, ndiwo anayamba kuchoka. Mayi anawatsitsa m'mawa wina, anawachapa, n'kukawapereka kushopu ya zinthu zakale. Katundu wina yense analowa m'makatoni amene anadzaza m'khonde, moti popita kubafa munthu ankayenda chammbali. Mwezi wonse wa Julaye tinkadyera mbale ziwiri ndi kumwera makapu awiri. Zoseweretsa zanga zinali m'katoni ya pansi penipeni, ndipo ndikapempha, yankho linali lomwelo: ukatsegulira kwathu.

Kwathu. Ankalitchula choncho.

Masabata anadutsa. Mayi akaimba foni ankauzidwa kuti mkulu uja akudikira nyumba ina imene akufuna kugula, ndipo mwini wa nyumba inayo akudikiranso wina, amene loya wake ali kutchuthi. "Kodi ine ndikugula nyumba kapena mzere wa anthu?" ankatero akaika foni pansi. Akatero ankakhala pa makina osokera. Phokoso lake ndikulimvabe, likuthamanga, likuima, likuthamanganso, ulusi wobiriwira uli mbwee pakapeti. Kunja anzanga akupalasa njinga m'mbali mwa ngalande, ine ndinkabisala m'nyumba, chifukwa aliyense wondiona ankafunsa kuti bwanji ndikadali pano.

Foni yomaliza inabwera masana ena a mu Ogasiti, ine nditavala juzi yofiirira ya sukulu yatsopano kuti mayi aone ngati manja ake akufunika kupinda. Anamvetsera nthawi yaitali. Ananena kuti zikomo, kawiri. Kunali kutabwera munthu wina amene anawonjezera mtengo, ndipo mkulu wa imvi uja anavomera. Panalibe lamulo limene linaswedwa. Mawu amenewa malume anawabwereza kangapo madzulo ake, ngati kuti angatonthoze munthu.

"Vula juziyo, uipinde bwino," mayi anatero. Kenako anakoka mpando, nakwerapo, n'kupachika makatani atsopano aja pazenera la Maryhill.

Sabata yotsatira sukulu zinatsegulidwa. Aphunzitsi atandiona pakhomo anangondigwira paphewa n'kupita kukafuna mpando wina, popeza wanga anali atapatsa kale mwana wina. Anzanga sanali aulemu choncho. Ankandifunsa dzina la galu wanga. Wina anati England yandilawa n'kundilavula. Khadi lija ndinaling'amba n'kuliponya mungalande, ndipo linayandama nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira.

Mayi anapita kutchalitchi Lamulungu lomwelo, atavala chitenje chotsanzikira chija, nakhala pamalo awo a masiku onse. Sanafotokozere aliyense kanthu. Makatoni anawatsegula pang'onopang'ono, imodzi pasabata. Koma makataniwo sanawakhudze.

Mkwiyo wanga wonse unagwera pa makatani amenewa. Nyumba ndinaiiwala msanga, ngati mmene ana amachitira. Makatani ndinkawaona tsiku lililonse, ndipo aliyense wodutsa ankawaonanso. Nsalu inatsala, ndinaiona m'thumba pansi pa makina, yokwanira kulumikiza. Ndinawapempha. Ndinawauza kuti anthu akutiseka. Tsiku lina ndinawakalipira m'Chingerezi cha mumsewu, kuti nyumba ija si yathu ndipo sidzakhala yathu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "M'nyumba muno timayankhula Chichewa." Nkhani inathera pomwepo.

Ndinkati ndi makani chabe. Ndinkaonanso kuti mayi sagonanso kuchipinda kwawo, amagona pasofa pansi pa zenera lomwelo, koma iwo ankati ndi msana, ndipo ine ndinakhulupirira.

Mkazi wanga anamwalira chaka chatha. Sindilemba zambiri za iye pano. Fulati yathu ya ku Dennistoun, mu Glasgow momwemuno, tinaigula mosamala kwambiri, chifukwa ine ndi mwana wa chilimwe chija. Ndinawerenga pepala lililonse, sindinauze munthu mpaka makiyi ali m'manja, ndipo ndinamuletsa kugula ngakhale kapeti tsikulo lisanafike. Iye ankandiseka, ankati ndikuchita ngati ndikubisa mimba. Zonse zinayenda bwino. Tinakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Masiku ano ndimapezeka ndili pabasi ndikuyang'ana pafoni nyumba zogulitsa m'matauni aang'ono a ku England, kumene sindidziwa munthu aliyense. Ndimayang'ana mazenera ake. Nanenso ndimagona pasofa, ndipo msana wanga ulibe vuto.

Mwezi watha ndinapita ku Maryhill kukaona mayi. Makatani aja anawachotsa kalekale, ine ndili kukoleji, ndipo pano pali oyera ofika pansi. Tikumwa tiyi ndinawafunsa, koyamba m'zaka zonsezi, chifukwa chimene sanawalumikizire. Anayamba aseka pang'ono. Kenako anati, "Ukagona pasofa paja n'kuyang'ana m'mwamba, galasi la pansi sulionanso. Umangoona makatani okha. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndili kunyumba ija kaye, kwa kanthawi, ndisanakumbukire." Atatero anandifunsa ngati ndikudya mokwanira.

Mwana wa zaka khumi uja ankaganiza kuti mayi ake akulephera kuiwala nyumba ya munthu wina. Ankaima kunja, mbali ya anthu odutsa, n'kumayeza ndi maso nsalu yoperewera. Sanaganizepo zogona pasofa kuti aone zimene mayi ake ankaona, kapena kufunsa chifukwa chimene chitseko cha chipinda chimene ankagonamo ndi bambo chinkakhalira chotseka chilimwe chonse.