Bere la Mai Joakina

Fungo la milamba yowamba likandipeza pamsika uliwonse, ndimaima ngati wina wanditchula dzina. Ndilo fungo la chitenje cha Mai Joakina, amene khomo lawo linayang'anizana ndi lathu kwa Mbenje. Ankakhala pansi pa mtengo wa nimu dzuwa likuswa mtengo, utsi ukuwaliza maso, akutembenuza nsomba pawaya, ine nditatsamira msana wawo wathukuta, chala chachikulu chili m'kamwa.

Chala chimenecho ndinachiyamwa mpaka sitandade fili. Azakhali anga, amene ankandilera, anayesa zonse: tsabola, madzi a masamba a nimu, ngakhale ndulu ya mbuzi. Ine ndinkathawira kwa Mai Joakina ndikulira, iwo n'kunditsuka ndi madzi a mumtsuko.

"Mukumuwononga mwanayu, mai!" azakhali ankakalipa ali pakhonde pathu. "Mano adzatuluka ngati a ntchenzi."

"Atuluke," ankayankha osatukula mutu. "Pakamwa pa mwana wamasiye musamaikepo zowawa. Anazilawa kale."

Mano anatulukadi, ndisaname, moti kwa zaka zambiri ndinkajambulitsa nditatseka pakamwa.

Chimene chinkawafewetsa mtima chotero Mai Joakina ndinachimva kwa azakhali nditasinkhuka. Amayi anga anamwalira ndili wakhanda. Phala ndinkalavula, thupi linatsala mafupa okhaokha, ndipo anthu anali atayamba kunong'onezana za manda achiwiri. Mwezi womwewo Mai Joakina anali ataika mwana wawo woyamba, mabere akuwawa ndi mkaka wopanda woyamwa. Anabwera osaitanidwa, n'kundinyamula.

Kwathu masiku amenewo mayi woyamwitsa sankagona mphasa imodzi ndi mwamuna wake. Ankati mkaka umawonongeka, mwana n'kutupa. Amuna awo, Bambo Zuze, anapirira chaka chathunthu, kenako anatopa.

"Wathu tinaika," anatero. "Uyu ndi mwana wa eni. Paka tsabola asiye, ife tiyambirenso."

"Ayambe kaye wayenda," anayankha Mai Joakina.

Nditayamba kuyenda kunagwa njala, anthu akukumba nyika m'dambo kuti apeze chotafuna. Kundichotsa pabere nthawi imeneyo kunali kundikumbira dzenje. Mai Joakina anapempha kuti adikire mapira ache. Bambo Zuze sanadikire mapira. Anapita kukadula nzimbe ku Nchalo, n'kukwatira komweko. Mai Joakina sanakwatiwenso, ndipo sanaberekenso.

Nditakula ndinawafunsa tikupala nsomba limodzi. "Bwanji simunangondisiyitsa, banja lanu likhale?"

Anaseka, koma maso anali pampeni. "Ukuyesa sindinapake tsabola? Ndinapaka tsiku lina. Unayamwa, unakuwa, n'kubwereranso pabere lomwelo uku misozi ili chuchuchu. Iwe mwana wa eni, ndani akanapakanso kachiwiri?"

Ankanditchula choncho moyo wawo wonse, mwana wa eni, moseka. Ine ndinkasekanso, ngakhale mumtima munkandipweteka.

Madzi osefukira atagumula nyumba zakwathu, uthenga unandipeza ku Blantyre kuti Mai Joakina ali pamsasa wa pasukulu ndipo akudwala kwambiri. Ndinawapeza atagona pakona ya kalasi, opepuka ngati mtolo wa bango. Phala silinkadutsa pakhosi, supuni ankaikana. Ndinaviika nsonga ya chitenje changa m'madzi a shuga n'kuwaika pamilomo. Anayamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsekere, ine nditawagoneka pamiyendo panga.

"Takhuta, mwananga," ananong'ona, kuthokoza m'Chisena chawo.

Mawu akuti mwananga amenewo ndinawadikira kuyambira ndili mwana, ndipo anandipatsa kamodzi kokha. Anatisiya m'mawa mwake.

Pamaliro, mkulu wa mpingo anati ana a malemu akhale kutsogolo. Mphasa inakhala yopanda munthu, anthu akuyang'anana. Ndinadzuka, ndinakakhalapo ndekha, ndipo palibe anandiletsa.

Sanasiye munda, sanasiye chithunzi. Chimene ndinatsala nacho ndi mano awa amene anakana kuwatchinjiriza ndi tsabola. Masiku ano wojambula akati ndimwetulire, sinditsekanso pakamwa.