Ndowa ya Zigamba Zisanu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayamba kuchenjera, ndipo woyamba kulawa kuchenjera kwangako anali munthu amene sanandilakwire kanthu.

Tinkakhala kufupi ndi Kachulu, masiku aja polowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani kwa anyamata a malaya ofiira. Pakhomo pathu panali ndowa imodzi yachitsulo imene amayi anabwera nayo pokwatiwa. Inali ndi zigamba zisanu. Tinkatungira madzi, kutsukiramo matemba, kuviikamo mbewu ya mpunga, ndipo dzinja tinkaitchera podontha denga. Ikabooka, amayi ankapita nayo kwa a Makwinja, mkulu wokhoma ndowa ndi mapoto amene ankakhala pansi pa mtengo kumapeto kwa msika. Kwa mkulu ameneyu kunalibe chinthu chakutha. Chitini chotayidwa chinkasanduka koloboyi, poto wothothoka mtima ankasanduka zigamba za anzake.

Chaka chimenecho kunafika ndowa zapulasitiki. Mayi wina woyandikana nafe anagula yofiira, ndipo mwana wake ankayenda nayo kuchitsime ngati wanyamula mbendera. Ine ndikamadutsa ndi yathu, chogwirira chikulira kwee kwee, anzanga ankakuwa kuti, "Pisani, sitima ikudutsa!"

Ndinayesa kuwanyengerera amayi ndi mfundo zonse zimene ndinali nazo: yapulasitiki ndi yopepuka, sichita dzimbiri, sisokosa.

"Yathuyi ikudontha?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndiye katunge madzi."

Apo ndinamva ndekha kuti vuto lonse linali kusadonthako. Tsiku lina amayi ali kusikimu ya mpunga, ndinatenga msomali ndi mwala n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Sindinaboole paliponse ayi, ndinali ndi mutu ine. Ndinasankha m'mphepete mwenimweni mwa chigamba chatsopano, chimene a Makwinja anali atangokhoma sabata yapitayo, kuti zioneke ngati ntchito yawo ndiyo yalephera.

M'mawa mwake amayi anafika kuchokera kuchitsime atanyowa kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Sanasinthe n'komwe. Anandigwira dzanja, ulendo kumsika.

Tinapeza a Makwinja ali ndi amayi atatu oyembekezera ndi mapoto awo. Pankanunkha phula lotentha ndi nsomba zouma.

"Bambo inu, mwayamba kukhoma ndi malovu?" anatero amayi, akuponya ndowa pansi. "Taonani mmene mwandisambitsira pamsewu ngati mwana!"

A Makwinja anatola ndowa ija, n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Analowetsa chala m'kati, n'kusisita pabowo paja pang'onopang'ono. Kenaka anandiyang'ana ine. Sanakwinye nkhope, anangondiyang'ana basi.

"Kapena dzanjali layamba kukalamba, mayi," anatero. "Isiyeni, ndikonza ulere."

"Khalani nayo, muzisambiramo!"

Amayi awiri mwa atatu aja anatola mapoto awo mwakachetechete n'kuchoka. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, koma mtima wanga unali kale pa ndowa yofiira.

Mpunga utagulitsidwa, inagulidwadi. Ndinanyada nayo miyezi inayi. Dzuwa la m'chilimwe cha kwathu linaiwamba mpaka inatuwa, ndipo tsiku lina pochokera kuchitsime khutu lake linathothoka, mng'alu n'kutsika mpaka pansi. Amayi analumbira kuti kwa a Makwinja sapondako. Masiku atatu tinabwereka ndowa kwa eni, lachinayi ndinanyamula yong'alukayo ndekha kupita kwa a Makwinja.

"Iyi simva nyundo, mwana wanga," anatero a Makwinja osaigwira n'komwe. "Yafa imeneyi, ndipo kuwola siiwola."

Anapisa kuseri kwa malata akale n'kutulutsa ndowa yathu ija, ili ndi chigamba chachisanu ndi chimodzi, chokhomedwa bwino, phula likunyezimira.

"Dzimbiri limadya ngati mbewa, mosalongosoka," anatero akundipatsa. "Bowo lozungulira chonchija, milomo yake yopindikira m'kati, ndi la msomali. Wa mainchesi anayi, si choncho?"

Koma taonani mtundu wa munthu amene ndinali: m'malo mopepesa, ndinayamba kunenerera.

"Agogo, musakawauze amayi. Ndizikutolerani zitini mwezi wathunthu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikanafuna kunena, bwenzi nditanena tsiku lomwe lija. Mayi ako akanakusenda pamaso pa anthu. Zitini sindikufuna. Ngati uli ndi choti unene, mwini ndowayi ali kunyumba."

Njira yonse ndinkakonza mawu. Koma nditafika, amayi anaomba m'manja poona ndowa yawo, n'kundifunsa kuti ndailanda bwanji kwa nkhalamba ija. Ndinayankha kuti ndawapanikiza mpaka agonja. Anandipatsa mlamba wonona, n'kumauza aliyense kuti mwana wawo adzakhala wamalonda. Za a Makwinja anapitiriza kuchenjeza anzawo kuchitsime kuti zigamba zawo n'zosadalirika. Ine ndinkamva, ndowa ili pamutu, yosadontha ngakhale dontho limodzi.

Ulosi wa amayi unapherezeka. Lero ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Songani, ndipo amene anandiyesapo kunenerera akudziwa kuti amachoka atatopa. A Makwinja anamwalira ndisanathe sukulu. Amayi nawonso anapita ndisanawauze. Ndowa ija ili kwa mlongo wanga. Pansi pake patatha, anaisandutsa mbaula, ndipo ikuphikabe.

Makasitomala amandiseka kuti ndine woumira chifukwa ndimakana kupereka majumbo. Ndimawauza kuti abwere ndi dengu kapena kathumba kansalu, ndipo wobwera nako ndimamuikira basera yooneka. Ena amaganiza kuti ndinaphunzitsidwa ndi a zachilengedwe. Iyayi. Ndikaona majumbo atadzaza ngalande kuseri kwa msika, ndimamva mawu aja akuti kuwola siiwola.

Chimene ndazindikira mochedwa n'chakuti tsiku lija sindinaboole ndowa yokha. Ndowayo inapeza woikhoma. Dzina la a Makwinja linali ndi munthu mmodzi yekha woti alikhome chigamba, ndipo munthuyo anakhala pansi n'kudya mlamba.