Anatumidwa Kukatenga, Iwo Anakakonza

Bambo a mapasa anagwira ntchito ya umesenjala zaka khumi ndi zitatu pa bungwe lina la zaumoyo. Sukulu analekezera panjira, koma kuwerenga ankakukonda zedi. Ngakhale nyuzipepala yokulungira sopo ankayamba aiwongola kaye kuti aone zalembedwamo.

Tsiku lina ali pa njinga, abwana awo anawaimbira foni. Anali mayi wochokera kunja, wolankhula Chingerezi chokhachokha. Anawatuma kwa osindikiza, kumene kunali timapepala tophunzitsa makolo kamwetsedwe ka mankhwala a ana. Mayiyo anati "collect", kutanthauza kukatenga. Pakati pa phokoso la magalimoto, bambowo anamva "correct", kukonza zolakwika.

Anadzifunsa: Ine kukonza? Komabe anapalasa.

"Achimwene, katundu wanu ndi uyo m'makatonimo," anatero wosindikiza. "Nanga mpando mukuufuniranji?"

"Andituma kudzakonza. Ndibwerekeniko cholembera chofiira."

Timapepalato tinali m'chinenero chawo chobadwa nacho. Anawerenga chala chili pamzere, milomo ikugwedera. Patsamba lachiwiri chala chinaima. Chingerezi cha m'mbali chinali ndi nambala 2, koma womasulira analemba kuti mwana amwe mankhwala "kawirikawiri pa tsiku" m'malo mwa "kawiri pa tsiku".

Anabwerera ku ofesi patatha maola atatu, makatoni atawasiya komweko, m'manja muli kapepala kamodzi kofiira mbali zonse. Abwana anakalipa mpaka nkhope kufiira. Mlembi wa mu ofesimo ndi amene anazindikira pomwe panakhota nyani mchira. Anaseka mpaka misozi, kenako anatenga kapepalako n'kuwamasulira abwanawo mzere uja. Mayiyo anakhala pansi, dzanja pakamwa. Timapepala tonse tinasindikizidwanso.

Masana omwewo mlembi anawalembera mawu awiri a Chingerezi aja pa envulopu yakale. "Awa a zilembo ziwiri zoimirira pakatipa n'kutenga. Awa a zilembo zopindika n'kukonza. Mwamva, bambo?"

"Ndaona, mayi. Koma kumva ayi."

Mwezi usanathe anawapatsa tebulo pafupi ndi zenera, ndipo chilichonse chopita kwa osindikiza chinkayamba chadutsa pamaso pawo. Anakhala pampando umenewo zaka zisanu ndi zinayi mpaka kupuma ntchito.

Mayi a mapasa amawaseka mpaka lero kuti ndi mwamuna yekhayo amene anakwezedwa chifukwa chosamva. Iwo satsutsa. Amangoti mlembi uja akanakhala chete tsiku lija, ana awo sakanamaliza sukulu, ndipo chaka chilichonse amavala jekete n'kupita kukamuona.