Adzukulu ovala majezi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pakapeti kwa alamu anga ku Walsall, kuno kunja kwa azungu. Azimayi a kumpingo amene anachezera nafe kuimba anali atagona mopingasana pabalaza, ena atavaliratu yunifomu, poti kukacha ankayenera kuthamangira basi ya kuntchito. Linali tsiku loika achimwene anga, a Lameki.

Chimene chinkandidya mumtima anali amayi athu ku Dowa. Titagwirizana kuti maliro aikidwe konkuno, kumene kuli mkazi ndi ana awo, amayi anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga adzukulu akhala ndani?" Kwathu munthu sakumba kapena kukwirira manda a m'bale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu apadera amene amabwera ndi makasu ndi nthabwala zawo, n'kumanyogodola ngakhale malemuwo. Ndinawauza kuti kuno manda amakumba ndi makina a khonsolo. Anadula foni, ndipo kuyambira tsikulo sanandiyankhulenso. Kwa iwo, mwana wawo ankakaikidwa ngati munthu wopanda anthu. Zinkandipweteka kwambiri.

Kuseri kwa nyumba tinayatsa mbaula za gasi pansi pa tenti, mphepo ikulimbana nafe. Mpunga ndi nkhuku zili pamoto, anthu anayamba kufika: a ku Stoke-on-Trent pa minibasi, a ku Kings Heath, anzathu a ku Zambia. Ambiri anali azimayi. Amuna ochuluka anawakaniza tchuthi kuntchito, ndipo anangotumiza mauthenga achipepeso.

Tsono achimwene angawa anali ndi nthenda ina imene ife tinkangoiseka: hockey ya pa ayezi, masewera omenya kampira ndi ndodo. Munthu amene anakula akuonera ayezi mu firiji ya pagolosale basi! Anayamba chifukwa cha nkhalamba ina imene ankaisamalira, yomwe inkafuna kukankhidwa pa njinga yake ya olumala kupita kumasewerawo Loweruka lililonse. Nkhalambayo itamwalira, iwo sanasiye. Ngakhale tsiku lomaliza kucheza nawo kuchipatala, nkhani inali yomweyo. Timu yawo inali m'malire, yosadziwika ngati ilowa ndime ya chipulula, ndipo pa tsiku lotseka msika wa osewera inataya katswiri wake womwetsa zigoli n'kutenga goloboyi wachikulire. Ochemerera onse anakwiya, kupatula iwo.

"Achemwali," anatero, "zigoli zimakoma, koma chipulula chimafuna pagolo potseka. Muona."

Ine ndinawauza kuti amwe mankhwala.

Tinanyamuka kutchalitchi mvula ikuwaza. Galimoto yamaliro inkayenda pang'onopang'ono, ife m'mbuyo, nyimbo ikumveka m'minibasi. Pageti la kumanda tinapeza gulu la azungu, azibambo amatupi, atavala majezi a timu ija pamwamba pa majekete. Anavula zipewa bokosi likudutsa, kenako anatitsatira chakumbuyo.

Mng'ono wanga wotsala kumudzi anayankha foni ya kanema imene ndinamuimbira n'kuiika patsogolo pa amayi. Ndinkawaona atakhala pamphasa, akuyang'ana kumbali. Abusa anapemphera, bokosi linatsika, tinaponya dothi. Wantchito wa kumandako anasiya mafosholo pamulu wa dothi monga tinapemphera, n'kukaima patali. Amuna akwathu ochepa amene analipo anali abusa, madoda awiri a ndodo, ndi achibale. Kenako mwana woyamba wa achimwene anatuluka pamzere n'kutola fosholo. Mwana kukwirira bambo ake, agogo ake akuona!

Ndisanatsegule pakamwa, bambo wina wa ndevu zofiira anafika n'kumulanda fosholoyo mwaulemu. "Iwe kaime ndi mayi ako," anatero m'Chingerezi. "Iyi tisiyire ife." Za mwambo wathu sankadziwa kanthu. Anzake anatola mafosholo otsalawo.

Poyamba ankagwira mwakachetechete. Dothi linali lonyowa, lolemera, ndipo posakhalitsa anayamba kupuma ngati ng'ombe zapangolo. Ndiye wina anayang'ana m'dzenjemo. "Lameki, goloboyi wako uja Lamulungu wagwira zonse. Wakondwa?"

"Masewera amodzi okha!" anakalipa wa ndevu uja. "Mawondo ake ndi akale kuposa anga. Nanga zigoli atimwetsera ndani? Matimu otsalawa onse ali pamwamba pathu."

"Anyamata ayamba kumwetsa chichokereni katswiri wodya yekha uja," anayankha mnzakeyo.

"Iwenso wayamba kuyankhula ngati Lameki. Munthu ameneyu hockey sankaidziwa, ankangodziwa kukuwa!"

Anaseka, wina akupukuta misozi ndi mkono wa jezi. Mayi wina wa kumpingo anatsonya. Alamu anga, amene sanamwetulirepo chiyambire matendawa, anagwira pakamwa.

Mpamene ndinamva mawu m'dzanja langa. Amayi anali atasendera pafupi, nkhope itadzaza foni yonse.

"Ndani akulongololawo?"

"Anzawo a kumasewera, amayi."

"Pali chibale?"

"Ayi."

"Nanga akuti chiyani?"

"Akuwanena achimwene. Akuti masewerawo sankawadziwa."

Anayang'ana mafosholo akukwera ndi kutsika. "Adzukulu amenewo," anatero. "Asapite osadya. Nkhuku yawo ikhale yathunthu, ndipo munthu asayambe kudya iwo asanasambe m'manja."

Tinachita momwemo. Titafika nawo kunyumba, anadya mothamanga ataimirira mu tenti, poti madzulo omwewo timu inkasewera, ndipo anasiya sikafu ya timuyo pampando wa achimwene.

Pofika usiku nyumba inali itatsala yathu. Mapoto titatsuka, alamu anakagona, ana ali m'chipinda chawo. M'khonde munali matope a nsapato za azibambo aja, ndipo ndinalibe changu chowakolopa. Foni inalira. Anali amayi, kuimba okha.

"Zija amakanganirana adzukulu zija, zatha bwanji?"

Ndinaitana mwana wa achimwene kuti andionere. Anati timu yapambana ndi chigoli chimodzi, goloboyi sanalole kanthu, ndipo ikapambananso Loweruka ndiye kuti yalowa chipulula. Ndinawafotokozera amayi mmene ndikanathera.

"Ndiye Lameki sanalakwitse," anatero. "Kagone, mwanangu. Wamuika bwino mlongo wako."