Ndinawombera m'manja mwala wa ku Iguputo

Ndiulule. Mpaka imvi kumera, ndinkakhulupirira kuti munthu akayandikira chinthu chochotsedwa kumanda osapempha, amatupa mapazi. Ndiye mwana wanga wamkazi, namwino wa ku Lawrence, tauni ya ku Indiana kutsidya kwa nyanja, amene anatiitanitsa kuti madokotala andikonze bondo, atanena kuti Loweruka tipita ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, mumzinda wa Indianapolis kukaona miyala ya m'manda a ku Iguputo, ndinamufunsa ngati bondo limodzi silinamukwanire. Mayi ake anangondiponyera jekete.

Masiku amenewo nthabwala zanga zinali zapakamwa chabe. Achimwene anamwalira kumudzi ine ndili chigonere m'chipatala kuno, maliro n'kuonera pa foni. Dothi sindinaponye. Zinkandidya.

Mwalawo unali kuseri kwa galasi, kukula kwake ngati chitseko cha kabati. Anasemapo bambo atakhala pampando, patsogolo tebulo lodzaza buledi, anthu akumubweretsera atsekwe ndi mwendo wa ng'ombe. Onse oyang'ana cham'mbali ngati anayambana ndi wosemayo. Mayi wina wogwira ntchito momwemo anafotokoza, mwana wanga n'kumandithandiza pamene Chingerezi changa cha Sitandade 5 chathera, kuti zolembazo zikupempha aliyense wodutsa, ngakhale mlendo, awafunire malemuwo chakudya ndi mowa.

Basi ine chipewa chovula, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja monga timachitira polowa kumanda. Ndinawauza bambowo kuti pepani tabwera chimanjamanja, koma buledi wanu asathe. Kenako pakamwa panapitiriza pokha. Ndinayamba kulankhula ndi achimwene, kuwapepesa kuti sindinafike. Misozi chuchuchu, azungu akundidutsa mwakachetechete.

Kudzuka ndiye kunakanika. Bondo latsopanolo linali lisanaphunzire mwambo. Mlonda, chimunthu chachitali, anandinyamula m'khwapa ngati thumba la chimanga, n'kufunsa mwana wanga ngati wa pamwalayo ndi m'bale wathu. Ndinati amuuze kuti eya, kuyambira lero.

Mmisiri wosema mwala uja ndimamuyamika. Anagogoda mwala kalekale kupempha anthu osawadziwa, pempho n'kudzapeza ine, nkhalamba yosowa polirira. Mlonda uja nayenso, chifukwa bwenzi ndikadali pompo.

Madzulo ake, chakudya chili patebulo, ndinavula masokosi mobisa kuti ndione mapazi. Sanatupe. Akazi anga anandipezerera.

"Abambo, ngati munthu wa ku Iguputo wamva Chichewa chanu ku Indiana kuno, achimwene anu angalephere bwanji? Valani masokosiwo mudye, lero mugona tulo."