Osweka Alowe Pakati

Apongozi, lelo ndagula mabisiketi a Khilisimasi pamsika wa Petauke, koma pofika kunyumba ndapeza ambili aphwanyikila m'basi. Ndangokhala pansi n'kuyamba kukumbuka inu.

Khilisimasi yanga yoyamba pakhomo panu ku Kaumbwe, munandiitana kuti tipange bolo, keke ija yosalowa mu uvuni imene munaphunzila kwanu ku Mozambiki nkhondo isanakuthamangitseni. Tinkaviika mabisiketi m'tiyi wozizila n'kuwayala m'beseni, pamwamba kasitadi, kenako mango, n'kuyambilanso mpaka beseni kudzaza. Ine, mtengwa wamanyazi, ndinkapatula osweka kuti alendo asawaone. Munandigwila dzanja. "Ayi mwanangu, osweka alowe pakati, kasitadi awagwila. Anthu ndi ambili, tisataye kanthu." Tinaimika beseni m'madzi a pachitsime kuti bolo alimbe, ndipo potuluka m'chalichi onse anadya, osadziwa kuti munali zosweka.

Beseni lija lili ndi ine tsopano. Chichokeleni inu padziko lino, ana anu salankhulana bwino, koma chaka chino ndawaitana onse. Osweka alowa pakati, amai. Mutipemphelele kumeneko kuti agwilane.